Moto Waung'ono wa Apongozi Anga

Chaka chimene ndinapangitsa chowambira nyama ndi chaka chomwecho chimene apongozi anga aakazi anadzakhala nafe ku Chipata, ndipo mpaka lero ndikakumbukira chimodzi, chinzakecho chimabwera chokha.

Chowambiracho ndicho chinayamba kufika. Ndinachiona pa foni, anthu akunja akuwamba nyama tsiku lathunthu m'chimgolo chogoneka chopingasa. Moto sunali pansi pa nyama monga timawotchera ife. Unali m'kabokosi kakekake pambali, ndipo kutentha ndi utsi zinkalowa mumgolomo, kudutsa pa nyama, n'kukatulukira pachumuni kumapeto enawo. Mkazi wanga amati ine ndikaona chinthu kawiri ndiye kuti mtendere watha pakhomo, ndipo sanama. Ndinajambula papepala, ndinasakasaka thanki yakale ya madzi otentha ndi botolo la gasi lakutha, n'kupita nazo kwa mmisiri wina wowotcherera zitsulo ku Kapata.

Mkuluyo anayang'ana pepala langa, analitembenuza, n'kuliyang'ananso.

"Bwana, moto kuno, nyama uko? Zinayambana?"

Ndinamufotokozera modzitama ngati munthu woti wawambapo ng'ombe khumi, chonsecho ndinali ndisanawambepo ngakhale kapenta. Patatha milungu iwiri chinthucho chinafika pakalole, chakuda bii, cha miyendo inayi, chumuni chili njo. Aneba anasonkhana pampanda. Mkazi wanga anachizungulira kamodzi n'kunena kuti, "Zikomo bambo, mwatigulira sitima." Dzinalo linakakamira, moti nane ndinayamba kuchitchula choncho.

Ndinaiyesa kawiri sitimayo. Ulendo woyamba nyama inatuluka yakuda, yowawa ngati mankhwala a malungo. Tili ndi galu wokalamba, wofiirira, waulesi, amene sakana kanthu, koma tsiku limenelo ananunkhiza fupa, anandiyang'ana, n'kukagona kuseri. Ulendo wachiwiri kunja kunapserera m'kati muli magazi. Ndinapsa mtima, ndinati mmisiri uja ndiye anakhotetsa chumuni, n'kuphimba sitima yanga ndi tenti yakale. Inakhala kuseri kwa nyumba miyezi itatu nkhuku zikuotherapo dzuwa.

Kenako apongozi anadwala. Kwawo ndi ku Kasenengwa, kumene analima fodya ndi amuna awo moyo wawo wonse. Amuna awowo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo amayiwa anatsala okha pakhomo. Anali ndi matenda a shuga. Tsiku lina anagwa kudimba, n'kukhala pomwepo mpaka amayi ena opita kukatunga madzi anawaona. Atatuluka m'chipatala, adokotala anauza mkazi wanga mosabisa kuti munthu ameneyu asakhalenso yekha, chifukwa akadzagwanso kulibe womuona, ndiye basi. Mwana wawo wina, mlamu wanga, ali kutali kumigodi m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Tinawatenga ife.

Apa ndiyenera kufotokoza za ine ndi apongozi anga. Ine ndinakulira m'banja la aphunzitsi a ku mishoni. Bambo anga ankagwirana chanza ndi apongozi awo, n'kumwa nawo tiyi patebulo limodzi, kukangana nawo za nyimbo za kutchalitchi. Kwa mkazi wanga si choncho. Kumeneko mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana. Sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, sakhudzana, ndipo akakhala ndi mawu amatuma munthu wina. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati wanga, moni wathu unali wa patali, ine nditanjuta chammbali, iwo atayang'ana kumbali inayo, tonse tikuwomba m'manja. Sikunali kudana. Ndikapita kumudzi ankandiphera nkhuku yonenepa kuposa zonse, koma yobwera nayo anali munthu wina.

Kumudzi mwambo umenewu ndi wopepuka, chifukwa bwalo ndi lalikulu ndipo njira ndi zambiri. M'nyumba yathu ya m'tauni muli kakhonde kamodzi ka m'kati, bafa imodzi, chimbudzi chimodzi. Ana athu awiri aakazi, amene akanamatitumikira mawu, anali kusukulu yogonera komweko. Ndiye ndikafuna kutuluka kuchipinda ndinkayamba ndatsokomola. Iwo akamva chifuwacho ankabwerera msangamsanga, nthawi zina kulowa m'bafa n'kudzitsekera mpaka nditadutsa. Pabalaza sankakhalapo. Ankadyera kukhitchini, pansi, chitseko chili chotseka. Pambuyo pake ndinamva kwa mkazi wanga kuti ine ndikakhala pakhomo ankadzigwira osapita kuchimbudzi, kudikira ndichoke. Munthu wa shuga, wa zaka zimenezo!

Ndili ndi kamwa lofulumira. Tsiku lina ndikuchedwa kuntchito, nditatsokomola katatu pakhomo la chipinda, ndinauza mkazi wanga mokweza kuti, "Kodi m'nyumba mwanga momwe ndizikhalira kutsokomola ngati wa chifuwa chachikulu?" Makoma athu ndi opyapyala. Mawuwo atangotuluka ndinadziwa kuti afika kumene sanayenera kufika.

Patapita masiku atatu apongozi anauza mwana wawo kuti Lolemba akubwerera kwawo. Anati akupeza bwino, anati mbuzi zawo zikuvutitsa anthu, ndipo pomaliza anati nyumba ya akamwini ndi yopapatiza, munthu wamkulu asamaphinje ana. Mkazi wanga anawachonderera, anawaopseza ndi mawu a adokotala, analira, koma sanasunthe. Atabwera kuchipinda anandiuza maso ali psu kuti, "Akapita uko, tidzangomva foni." Ndinachita manyazi aakulu, ndipo ndinachita mantha. Chopweteka kwambiri chinali chakuti sindikanatha ngakhale kupita kukawapepesa, popeza ine ndi iwo sitinkalankhulana.

Chimene chinandibwerera m'mutu ndi nyama. Ndinati ngati pakamwa pali potseka, bola ndiwawambire nyama yabwino ya kutsanzikana, adziwe kuti sindinawathamangitse. Loweruka m'mawa ndinavundukula sitima, ndinaitsuka zitosi, n'kukagula nthiti za nkhumba ndi mwendo wa mbuzi. Inali nyengo yozizira, kamphepo kakutsika m'mapiri. Nkhuni ndinagula m'mbali mwa msewu, mitolo iwiri ya bulugamu, n'kuwonjezera zidutswa za matabwa zimene ndinapempha kwa kalipentala.

Nzeru zanga zinali zakuti nyama yowamba imafuna utsi, ndiye utsi ukachuluka zikhala bwino koposa. Ndinapakira nkhuni m'kabokosi ka moto mpaka kudzaza, ndinathira parafini, ndinayatsa, ndinaika nyama mumgolo, kenako ndinatseka kachitseko ka moto ndi kachivundikiro ka pachumuni kuti utsi usathawe. Unathawabe. Unkatuluka m'ming'alu yonse, woyera chachikasu, wokhuthala, wotsamwitsa. Nkhuni zinkalira tsiii, kumapeto kwake kukutuluka thovu. Maso anga anali misozi yokhayokha, koma ndinaima pomwepo manja m'chiuno ngati zonse zikuyenda mwa dongosolo.

Apongozi anali pamphasa patsinde pa khoma la khitchini, mapazi khumi kuchokera pamene ndinali, atandifulatira, akusenda mtedza. Ndinamva akutsokomola, kenako akuitana mwana wawo.

"Iwe, tabwera. Kansi abambo a pakhomo pano akufukiza mbewa?"

Mkazi wanga anatuluka, anaima pakati pathu, n'kunditembenukira nkhope ili yowongoka. "Ati mukufukiza mbewa?"

"Uwauze amayi kuti ndikuwamba nyama mwa njira yamakono."

"Ati n'zamakono, amama."

"Oho," anatero apongozi, n'kupitiriza kusenda. "Uwauze atulutse nyamayo isanamwe utsi uwo. Ikamwa, ngakhale galu aikana."

Sindidziwa ngati mkazi wanga anali atawauza za galu uja, koma ndikumukayikira mpaka lero. Ndinatulutsa nyama. Nthawi yomweyo mkazi wanga anamanga chitenje bwino, anatenga kachikwama, n'kunena kuti mchere watha, akupita kumsika, abwera manje manje. M'kabati munali mchere wodzaza botolo, ndinauona ndekha m'mawa womwewo. Ndisanatsegule pakamwa, geti linali litatsekeka.

Tinatsala awiri, ine ndi utsi wanga uku, apongozi ndi mtedza wawo uko. Ndinkagwiragwira kachitseko osadziwa chochita. Pamenepo galu uja anabwera mwaulesi wake n'kudzagona padzuwa, pakati penipeni pa ine ndi iwo.

"Iwe galu," anatero apongozi. Galuyo anatukula khutu limodzi. "Ukawauze eni ako kuti nkhuni izo n'zaziwisi. Bulugamu wauwisi ndi matabwa a penti sawambira chakudya cha anthu. Aphule zonse."

Ndinayang'ana galu, galu anandiyang'ana. Ndinatenga fosholo n'kukokera pansi nkhuni zonse zofukazo, n'kuzikwirira ndi dothi. Kenako, munthu wamkulu ine, kalaliki wa mu ofesi wovala taye masiku asanu pa mlungu, ndinawerama n'kuuza galu kuti, "Uwafunse amayi kuti nanga nkhuni zina ndizitenga kuti."

"Uwauze kuseri kwa khola la nkhuku kuli nthambi za mango zouma. Ndaziona kalekale."

Zinalidi kumeneko, nthambi zimene tinadula chaka chatha chifukwa zinkakhudza mawaya a magetsi. Ine ndinkaziona ngati zinyalala. Kudzera mwa galu, ndinauzidwa kuti ndizidule zifupizifupi, ndiziwaze ndi nkhwangwa kuti chikuni chilichonse chikhale chonenepa ngati mkono wanga, osapitirira. Ndinauzidwa kuti ndiziombanitsa ziwiriziwiri, zolira ngwee ndiike mbali ino, zolira phu ndiike padzuwa. Ndinawaza mpaka thukuta kutsika m'nyengo yozizira, m'manja mukutuluka matuza, ndipo galu anagona tulo osadziwa kuti ali pa ntchito yaikulu.

Kenako tinayamba moto. Anati ndiyambe ndi tizitsotso ndi udzu wouma, parafini ayi. Kachitseko ka moto kakhale kotsegula, chivundikiro cha mgolo chotsegula, ndipo cha pachumunicho ndichichotseretu, ndikachiponye kumene sindingachione. Pamwamba pa tizitsotso ndinasanja nkhuni zinayi mopingasana, mipata ili pakati. Moto unagwira bwinobwino, wowala, wopanda phokoso. Ndinathamangira nyama.

"Galu iwe, uwafunse akuthamangira kuti."

"Uwauze moto wayaka."

"Uwauze uwo si moto, ndi malawi chabe. Adikire makala."

Kudikira ndi chinthu chimene Mulungu anandimana. Ndinazungulira sitimayo, ndinakamwa madzi, ndinabwerera, ndinayang'ana wotchi. Nkhuni zinayi zija zinanyeka pang'onopang'ono mpaka kugumukira pansi, n'kusanduka mulu wa makala ofiira. Pamenepo ndi pamene ndinaloledwa kuika chikuni chimodzi pamakalapo, chimodzi chokha, n'kutseka mgolo kuti chitsulo chitenthe. Chikuni chotsatira anati ndichigoneke pamwamba pa kabokosi ka moto kuti chizifunda, kuti nthawi yake ikakwana chikangokhudza makala chiyake pompo osayamba chafuka.

"Ayang'ane pachumuni. Akuona chiyani?"

Ndinayang'ana. Poyamba ndinayesa kuti moto wazima, chifukwa sindinaone kanthu. Nditayang'anitsitsa ndinaona kautsi kopyapyala, kobiriwira pang'ono, kakukwera mowongoka. Kankanunkhira bwino, moti m'mimba munayamba kulira nyama isanalowe n'komwe.

"Uwauze ndikuona kautsi kochepa kwambiri."

"Ndi kameneko. Manje aike nyama, kutali ndi moto, cha kuchumuni."

Dzuwa litakwera, galu anatenthedwa, anadzuka, anadzinyolola, n'kupita kukagona kunsi kwa galimoto. Ndinati basi, mtumiki wathawa, tathera pompa. Koma patapita kanthawi ndinamva, "Iwe galu, uwauze nthawi ya chikuni china yakwana." Ankalankhula ndi dothi lopanda kanthu pamene galu anagona paja. Nane ndinayankha dothi lomwelo. Tinapitiriza choncho ola lathunthu, anthu awiri akuluakulu, ndipo palibe anaseka, ngakhale ndinaona mapewa awo akugwedezeka kamodzi.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti sankayang'ana n'komwe. Ankadziwa ndi mphuno ndi makutu. Fungo likasintha pang'ono ankati chikuni chagona molakwika, ndichitembenuze mpweya upite pansi pake. Mphepo ikawomba ankati ndichepetse mpata wa kachitseko ufike zala zitatu, ikaleka ankati nditsegulenso. Ine ndinali ndi kawotchi koyezera kutentha kamene mmisiri uja anamangirira pamgolo, ndipo ndinkakakhulupirira kwambiri. Iwo sanakafunseko ngakhale kamodzi.

Kawotchi kameneko ndi kamene kanandipusitsa. Chakumasana apongozi analowa m'nyumba kukamwa mankhwala. Ndili ndekha ndinaona muvi wake ukutsika pang'ono, ndipo mtima wanga wakale unadzuka. Ndinati chimodzichimodzi n'chiyani, tidzadya mawa? Ndinaponyamo nkhuni zitatu zofunda kale, n'kutsegula kachitseko konse. Zinayaka nthawi imodzi. Malawi anakokedwa kulowa mumgolo, anapeza mafuta a nkhumba amene anali atadonthera pansi, ndipo nditatukula chivundikiro kuti ndione, moto unabuka kufika m'mwamba, n'kundiwawula nsidze. Ndinalumpha, ndinagwira ndowa ya madzi imene inali pampopi, n'kuikweza kuti ndikhuthulire mumgolomo.

Dzanja linandigwira pamkono, lolimba, lokhakhala.

"Iyayi, bambo! Madzi iyayi! Mupsa nkhope!"

Sindinaone mmene anafikira. Ndi dzanja linalo anamenyetsa chivundikiro cha mgolo, phaa! Anatola fosholo, anakokera pansi nkhuni ziwiri zoyaka, anakankha kachitseko ndi phazi mpaka kutsala kampata kakang'ono. Mumgolo munalira kanthawi, kenako munati zii. Utsi wakuda unatuluka pachumuni, unachepa, unayera, n'kubwerera mwakale.

Pamenepo ndi pamene tonse tinazindikira. Tinali titaima phewa ndi phewa, dzanja lawo likadali pamkono panga, ndipo anali atandiyang'ana m'maso n'kundikalipira ngati mwana wawo. Zaka zonsezo ndinali ndisanaonepo nkhope yawo pafupi chotero. Anali ndi kachipsera pachibwano, ndipo maso awo anali a mkazi wanga enieni. Ndinatsitsa ndowa pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza kuti athawira kukhitchini, ndipo sitidzaonananso mpaka Lolemba.

Anapuma mozama. Kenako anatembenuza dzanja langa, n'kuyandikiza kuseri kwake pafupi ndi chitsulo cha mgolo, osakhudzitsa.

"Musiye kuyang'ana kawotchi ako. Imvani apa. Mwamva mmene kukutenthera?"

"Ndamva, amayi."

"Kukhale choncho mpaka madzulo. Kukamaluma, mwachulutsa. Kukamangofunda ngati mwana wa malungo, mwachedwa. Tengani mpando."

Ndinawabweretsera mpando, ine n'kukhala panjerwa. Sitinkayang'anana kwenikweni, tonse tinkayang'ana kachitseko ka moto, koma tinkalankhulana popanda galu. Ndinawafunsa kumene anaphunzira zonsezi. Anaseka pang'ono, anati sitima yangayi si yachilendo, ndi balani ya fodya yogoneka chabe. Ku balani nakonso moto umakhala m'ng'anjo panja, kutentha n'kumayenda m'mapaipi, ndipo munthu umasunga moto womwewo masiku angapo, osaukwiyitsa, osaulola kugona.

"Apongozi anu aamuna anali ngati inu," anatero. "Mtima wapachala. Chaka chathu chachiwiri anaponya nkhuni zambiri tsamba lisanafiire, balani yonse fodya anauma wobiriwira. Analira ngati mwana. Kuyambira pamenepo moto unali wanga. Iwo kudula nkhuni ndi kupachika fodya, ine pang'anjo."

"Koma anthu ankati abambo ndiwo anali katswiri wa fodya dera lonselo."

"Ankatero." Anatola kachitsotso n'kukankhira khala lina m'kati. "Akabwera kogulitsa, anthu akuwatama mtundu wa tsamba, ankafika pakhomo n'kundigulira chitenje osanena kanthu. Ine ndinkadziwa, iwo ankadziwa. Zinatikwanira."

Anati chimwalirire amuna awo sanayatsenso ng'anjo ija, ndipo palibe munthu anawafunsapo za moto kufikira tsiku limenelo. Anazinena mosadandaula, koma ine zinandilasa mumtima. Ndinali nditakhala ndi munthu ameneyu milungu isanu ndi umodzi m'nyumba imodzi, ndikumuona ngati chopinga cha m'kakhonde.

Kenako ndinati, "Amayi, mawu aja ndinalankhula tsiku lija anali opusa. Mundikhululukire. Musapite. Nyumba ino ndi yanu."

Anayang'ana pachumuni nthawi yaitali, kenako anati, "Ikani chikuni."

Ndinaika chikuni.

Mkazi wanga anabwera dzuwa litapendeka, atatha maola anayi akugula kapaketi kamodzi ka mchere. Atatulukira pakona ya nyumba anaima chilili, anationa titakhala pamodzi, anagwira pakamwa, n'kubwerera chafutambuyo. Ndinamumva akuyatsa wailesi m'khitchini mokweza kwambiri, ndipo ndikudziwa chimene ankabisa.

Nyama inapsa cha m'ma faifi. Kunja inali yofiirira chakuda, yonyezimira, ndipo fupa la nthiti linkasolokamo lokha. Mbali imodzi ya mwendo wa mbuzi inali ndi kakuwawa ka utsi wanga wa m'mawa uja, ndipo apongozi sanalephere kundiuza zimenezo. Tinadyera pakhonde tonse atatu. Iwo anakhala chammbali pang'ono, mbale ili pamiyendo, koma anadya ine ndikuona, ndipo anapempha nthiti ina.

Ndinkayesa kuti nkhani yatha. Koma Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinawapeza akupinda zitenje zawo n'kumaika m'chikwama. Mkazi wanga anawafunsa, iwo anati, "Ndinati Lolemba." Mtima wanga unagwa. Ndinadziuza kuti ndinachedwa, kuti nyama ya tsiku limodzi singafafanize milungu isanu ndi umodzi.

Lolemba tonse awiri tinapempha tchuthi kuntchito. Tinakwera pikapu yathu yakale, mkazi wanga kutsogolo, amayi ake kumbuyo atafungatira chikwama. Tinayenda njira yonse ya ku Kasenengwa, phula ndi fumbi lomwe. Mkazi wanga ankangoyang'ana pawindo. Titafika, pakhomo panali mbuu, udzu utamera mpaka pakhonde, mbuzi za eni zikudya m'bwalo. Ndinayang'ana njira yopita kudimba kumene anagwera kuja, ndipo ndinaona kutalika kwake ndi nyumba ya munthu wina aliyense.

Ndinatsika kuti nditsitse chikwama.

"Chisiyeni," anatero apongozi. "Bwerani kuno."

Anatitsogolera kuseri kwa nyumba, ku balani ya njerwa imene denga lake linali litayamba kugwa. Pambali pake panali kachisakasa ka malata, ndipo pansi pake, pamiyala yosanjidwa bwino kuti chiswe chisafike, panali mulu wa nkhuni wofika m'chifuwa. Zinali za muwanga, zowazidwa mofanana, zouma gwa, zosakhudzidwa. Chapafupi pomwepo panali mafuwa awo ophikira, ndipo phulusa lake linali la zitsononkho ndi mapesi.

"Amama," anatero mkazi wanga, "zaka ziwiri mukuphikira mapesi, nkhuni zili apa?"

Apongozi anasisita chikuni chapamwamba, pamene panali mabala a nkhwangwa.

"Anadula atate ako izi, mwezi umene anayamba kudwala. Ndinazisunga kuti pamaliro anga anthu adzaothe, asadzanene kuti mayi uja anafa yekha, analibe ngakhale nkhuni." Anatembenuka n'kundiyang'ana ine, m'maso. "Koma maliro angadikire. Nkhuni zanu za mango zija zatsala pang'ono kutha. Pakirani, apongozi. Zonse."

Mkazi wanga anakhala pansi pomwepo, padothi, n'kulira mokweza. Ine ndinanyamula nkhuni, zinayizinayi, kupita nazo kugalimoto, misozi ikutsikira m'kolala, ndipo sindinaipukute chifukwa manja anali odzaza. Apongozi anaima pambali pa pikapu akundiuza kuti ndasanja molakwika, nditsitse mzere wachiwiri ndiyambirenso.